Madzi Obwerera

Zaka makumi atatu ndakhala ndikuwerenga madzi.
Pa Mtayamoyo ndimadziwa pamene pabisala mvuu
pongoona mmene funde lapindikira.
Ndimadziwa kuti kumtunda yagwa
zinyalala zisanafike n'komwe.
Koma madzi a m'chifuwa mwangamu
anandipita pansi.

Zinayamba ndi nkhafi kulemera.
Kenako mapazi kutupa, patapata kukana kulowa,
usiku kugona chokhala, msana kukhoma,
mpweya wochita kupempha.
Nyamazawo anati: mawa ku Nsanje,
bwato musiyire Zuze.

Anayamba ndi lamba wapamkono.
Anafufuma, kundifinya ngati nsato yoyesa mbuzi,
n'kundileka.
Namwino analemba manambala awiri,
ina pamwamba pa inzake,
n'kuyang'ana mapazi anga nthawi yaitali.

Kenako kachitsulo kozizira panthiti.
Kokani mpweya. Gwirani. Tulutsani.
Dokotala, mwana woti ndikanabereka ine,
anatsinzina ngati womvera ng'oma ya kutsidya.
Akuti pakati pa gu ndi gu
pakumveka fuu,
kaphokoso kosayenera kukhalapo.

Anandimata timawaya khumi,
pachifuwa, m'manja, m'miyendo,
ine gone ngati batire yotchajitsa pa Bangula.
Musayankhule. Musagwedezeke.
Makina analavula kapepala
kodzaza mizere yokwera ndi kutsika,
mapiri a ku Thyolo enieni.
Ine wobadwira kuchigwa,
mapiri onsewa ndinawameza liti?

Magazi anatapa timabotolo tiwiri.
Chithunzi cha ekisireyi anachikweza kuwindo:
nthiti zanga mbee, ngati nsungwi za mono,
pakati pake chimthunzi.
Mtima wanu wakula, bambo.
Ndinaseka.
Ndinati mukawauze amene ndimawakaniza ngongole padoko,
sakavomera.
Iye sanaseke.

Chotsiriza tinadikira milungu itatu,
mwini makina ake atsike kuchokera ku Blantyre.
Tsikulo dzuwa linali lija losungunula phula pamsewu.
Anandigoneka chakumanzere,
kundipaka zoterera ngati therere lozizira,
n'kuyendetsa kachipangizo pansi pa bere.
Pagalasi panali mdima,
Shire wa mu Febuluwale,
ndipo m'katimo china chake
chikutsegula ndi kutseka kukamwa ngati mlamba.
Ameneyo ndinu, anatero.
Sindinadzionepo ndikugwira ntchito chotero,
osapuma, opanda wondilandira nkhafi.

Anathiramo mitundu, kufiira ndi kubiriwira.
Onani apa. Kachitseko aka sikakutseka bwino.
Magazi akapita, ena akubwerera,
ndiye mapapo akulemedwa.
Anayamba kufunafuna mawu ena osavuta.
Ndinati basi, ndamva.
Ruo akadzaza amakankha Shire,
madzi n'kubwerera m'dambo,
mapira n'kumira, Makhanga n'kusanduka chilumba.
Anachotsa magalasi n'kundiyang'ana.
Ndi zomwezo, anatero.
Nanga munadwalapo zilonda zapakhosi muli mwana,
mfundo n'kumawawa?
Ndani amawerenga zimenezo,
ife tinkangomwa madzi otentha n'kupita kokawedza.

Anandipatsa timapiritsi totulutsa madzi,
tina tothandiza mtima kupalasa,
tsiku lobwereranso, ndi lamulo:
mchere ayi.
Nyamazawo anamva yekha ndi makutu ake,
ndiye ndiwo za kwathu masiku ano
zimakoma ngati pepani.

Kapepala ka mapiri kaja ndinakapinda
m'kabuku ka kuchipatala,
kabuku m'jumbo ya shuga kuti kasanyowe.
M'mawa ndimapitabe kudoko,
pang'onopang'ono, kupuma kawiri panjira.
Zuze amapalasa mothamanga kwambiri,
sanaphunzire kuti mtsinje sulimbana nawo.
Ndimamukalipira ndili pamthunzi.

Amayi a mitolo ya mbatata,
anyamata okweza njinga m'bwato,
onse amafunsabe ine:
Alufazema, madzi ali bwanji lero?
Ndimayang'ana mtsinje.
Dzanja limapita lokha pachifuwa
ndisanayankhe.